Kompyuta imodzi, maadiresi a MAC ambiri: zimatheka bwanji, nanga zimakanika pati?

Pali chinthu chimene chimazunguza mitu anthu osamalira netiweki m'maofesi a ku City Centre, m'makoleji, ngakhalenso anyamata ogulitsa mavocha a Wi-Fi m'malokeshoni a Lilongwe. Munthu amatsegula tsamba la rauta kuti aone zipangizo zimene zalumikizika, n'kupeza mndandanda wautali kuposa makompyuta ndi mafoni amene ali m'chipindamo. Ambiri amathamangira kunena kuti pasiwedi yabedwa. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zambiri palibe wakuba aliyense. Ndi kompyuta imodzi yomweyo imene ikuoneka ngati zipangizo zingapo, chilichonse ndi adiresi yakeyake ya MAC, nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa netiweki.

Palinso gulu lina, la ophunzira ndi amisiri, limene likufuna zimenezi mwadala. Akufuna kompyuta imodzi ionekere pa netiweki ngati makompyuta asanu, koma akayesa, pa chingwe zikutheka, pa Wi-Fi zikukana, ndipo ku ofesi doko la switch, kabokosi kolumikiza makompyuta ambiri pa zingwe, likungozima. Magulu onse awiriwa anaphunzitsidwa chinthu chimodzi, chakuti MAC ndi nambala imene anaidinda ku fakitale ndipo sisintha. Zimenezo n'zoona theka lokha.

Interface n'chiyani?

Interface ndi pamene kompyuta imalumikizirana ndi netiweki. Yodziwika kwambiri ndi kabowo kaja kolowetsamo chingwe kumbuyo kwa kompyuta, pamodzi ndi khadi la netiweki limene lili mkati. Ina ndi ya Wi-Fi. Koma kwa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Linux kapena Windows, interface si chitsulo. Ndi dzina la m'kaundula wake, monga eth0, enp3s0 kapena wlan0, lokhala ndi adiresi komanso njira yotumizira ndi kulandirira data. Kuseri kwa dzinalo kutha kukhala khadi lenileni, kuthanso kukhala pulogalamu basi. Ya mtundu wachiwiriwu ndi imene amati virtual interface.

Kompyuta iliyonse ili nayo kale imodzi yotere, ya adiresi 127.0.0.1, imene imadzilankhulira yokha. Ndipo aliyense amene anayatsapo VPN anapanga ina osadziwa.

Adiresi ya MAC ndi kumene inachokera

Ethernet, njira imene makompyuta ambiri a m'maofesi amalumikizirana pa chingwe, inayambira ku Xerox PARC, ku Palo Alto m'chigawo cha California, mu 1973. Amene amatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi ndi Robert Metcalfe ndi David Boggs. Masiku amenewo makompyuta onse ankapachikidwa pa chingwe chimodzi chachitali, moti uthenga wa mmodzi unkafika kwa onse. Ndiye panafunika kuti phukusi lililonse la data lilembedwe kumene likupita ndi kumene lachokera, kuti kompyuta iliyonse itole zake n'kusiya za eni. Ethernet yoyesererayo inali ndi maadiresi a ma bit 8 okha (bit imodzi ndi 0 kapena 1), okwanira makina osapitirira 256. Mu 1980 makampani a DEC, Intel ndi Xerox anatulutsa muyezo wokhala ndi maadiresi a ma bit 48, ndipo bungwe la IEEE, lokonza miyezo ya zamagetsi ndi makompyuta, linatengera zomwezo mu muyezo wake wa 802.3, umene linavomereza mu 1983. Kutalika kumeneko sikunasinthe mpaka lero.

Adiresi ya MAC imalembedwa m'timagulu 6, kalikonse ka zizindikiro ziwiri, monga 08:00:27:4f:a1:3c. Zizindikirozo ndi manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f. Maadiresi onse otheka ndi 281,474,976,710,656. Timagulu titatu toyamba ndi chizindikiro cha kampani yopanga chipangizo, chimene imagula ku IEEE, ndipo chimatchedwa OUI. Kampani ikagula OUI imodzi imakhala ndi maadiresi 16,777,216 oti igawire zipangizo zake. N'chifukwa chake mmisiri akaona adiresi yoyamba ndi b8:27:eb amadziwiratu kuti ndi ka Raspberry Pi.

Theka loona lija ndi ili: kampani imalembadi adiresiyo m'kachipangizo kosungira ka pa khadi. Theka limene silinenedwa ndi lakuti kompyuta ikayaka, pulogalamu yoyendetsa khadilo imangowerenga adiresiyo n'kuyamba kuigwiritsa ntchito, ndipo itha kuuzidwa kuti igwiritse ina. Pa phukusi lililonse lotuluka, adiresi ya wotumiza amalemba ndi wotumizayo. Ethernet payokha ilibe njira yotsimikizira ngati wanena zoona.

Kusintha adiresi si kuzembera malamulo a Ethernet, chifukwa amene anakonza muyezowo anasiyiratu malo ake. M'kagulu koyamba muli bit imodzi yonena ngati adiresi ndi ya ku fakitale kapena yodzipangira. Simufunika kuwerenga ma bit kuti muione. Yang'anani chizindikiro chachiwiri cha adiresi: chikakhala 2, 6, a kapena e, adiresiyo ndi yodzipangira, monga 02:00:00:00:10:01. Chikakhala 0, 4, 8 kapena c, ndi ya m'kaundula wa IEEE. Chikakhala 1, 3, 5 ndi zina zosagawika pawiri, ndi adiresi yotumizira gulu la zipangizo nthawi imodzi, ndipo Linux imakana kuipereka kwa interface. Ambiri amene amangopeka manambala m'mutu amagwa pamenepa.

Tisasokoneze MAC ndi IMEI, nambala ya madijiti 15 ya foni imene netiweki ya Airtel kapena TNM imaona pamodzi ndi SIM. MAC ya Wi-Fi ya foni yanu nsanja za makampaniwa sizigwiritsa ntchito. Komanso MAC sidutsa rauta. Seva ya ku London imene mukutsegulapo tsamba imaona adiresi ya IP, nambala imene data imayendera pa intaneti, osati MAC ya laputopu yanu. MAC ndi dzina la pamudzi, limathera pa rauta yoyamba.

Switch imakhulupirira zimene yauzidwa

Taganizani za msewu wa ku Kawale kapena ku Area 25, wa mipanda yondondozana, uliwonse ndi geti lake, ndipo pakati pa msewuwo pali mayi wa pa okala amene amalozera alendo. Mayiyo sanayendepo khomo ndi khomo kulemba mayina, ndipo safunsa chiphaso. Amangoona amene watuluka pa geti liti, n'kumva dzina limene wadzitchula. Mlendo akafunsa za munthuyo, amamulozera geti lomwelo. Mpanda umodzi ukakhala ndi mabanja asanu a lendi, iye alibe nazo vuto: mayina asanu, geti limodzi.

Switch imagwira ntchito chimodzimodzi. Phukusi likalowera pa doko lina, imawerenga adiresi ya wotumiza n'kulemba kuti adiresi imeneyi ili ku doko ili. Ikapanda kumvanso za adiresiyo kwa kanthawi, pa ma switch ambiri masekondi 300, imaifufuta. Palibe chimene chimailetsa kulemba maadiresi ambiri pa doko limodzi, ndipo iyenera kutero, chifukwa kuseri kwa dokolo kutha kukhala switch ina yokhala ndi makompyuta 20. Choncho kompyuta imodzi yotumiza mapukusi m'maadiresi asanu imaoneka ngati switch yaing'ono yokhala ndi makompyuta asanu. Chinsinsi chonse cha nkhaniyi chagona pamenepa.

Pali njira ziwiri zina zimene zimadalira MAC. Yoyamba ndi ARP, imene David Plummer analemba mu 1982: kompyuta ikafuna kulankhula ndi adiresi ya IP ya pa netiweki yomweyo, imafuula kwa onse kuti mwini wa IP imeneyi ndani, ndipo mwiniwakeyo amayankha ndi MAC yake. Yachiwiri ndi DHCP, ya mu 1993, imene imabwereketsa maadiresi a IP kwa zipangizo zongofika kumene. Seva ya DHCP, imene m'maofesi ang'onoang'ono imakhala rauta yomweyo, imazindikira wobwereka makamaka ndi MAC yake. Mndandanda uja wa pa tsamba la rauta kawirikawiri umachokera m'kaundula ameneyu. Umawerenga maadiresi, suwerenga makina.

Bwanji osangowonjezera maadiresi a IP?

Funso limeneli ndi loyenera kulifunsa poyamba, chifukwa anthu ambiri ofuna ma MAC angapo sawafunikira kwenikweni. Interface imodzi itha kunyamula maadiresi a IP ambiri. Kale mu Linux ankalemba eth0:1, eth0:2, ndipo mayinawo ankanamiza anthu kuti ndi ma interface osiyana, pamene onse ankagwiritsa MAC imodzi. Lero lamulo la ip addr add limachita zomwezo popanda mayina onamizawo. Ngati cholinga n'chakuti seva imodzi iyankhe pa ma IP atatu amene mwalemba nokha, basi, zakwana.

Zimasintha pamene wina kunja akusiyanitsa zipangizo poyang'ana MAC. DHCP yongopereka IP imodzi pa MAC imodzi ndi chitsanzo chodziwika. Malamulo a pa rauta ochepetsa liwiro kapena otsekera chipangizo potengera MAC ndi china.

Amazifuna ndani?

Ogwiritsa ntchito kwambiri ndi a ma virtual machine, makompyuta a pulogalamu okhala mkati mwa kompyuta yeniyeni. Iliyonse imadziona ngati ili ndi khadi lake, ndiye iyenera kukhala ndi MAC yake. Mapulogalamu opanga makinawa ali ndi zizindikiro zawo: VirtualBox imayamba ndi 08:00:27, VMware 00:50:56 kapena 00:0c:29, Hyper-V ya Microsoft 00:15:5d, Xen 00:16:3e, ndipo QEMU ndi KVM 52:54:00. Mukaona zimenezi pa rauta, musayambe mwakwiya. Funsani kaye amene waika virtual machine.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Seva ndi yodula, imagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowa, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zipangizo inakwera nayo. Magetsi akazima, kusunga kompyuta imodzi pa inveta ndi mabatire n'kotheka, kusunga zisanu ndi nkhani ina. Ndiye sukulu kapena kabungwe kakang'ono kamatenga kompyuta imodzi yamphamvu n'kuikamo seva ya mafayilo, ya maakaunti, ya makamera ndi ya laibulale, iliyonse ndi adiresi yake.

Ena ndi a ma container monga a Docker (mapulogalamu otsekeredwa m'chipinda chawochawo mkati mwa kompyuta imodzi), ophunzira amene akufuna labu ya makompyuta 10 ali ndi laputopu imodzi, ndi amisiri oyesa ngati DHCP kapena hotspot ipirira anthu akachuluka. Palinso marauta awiri ogwirizana kuti imodzi ikafa inzake itenge malo: mu njira ya VRRP amagawana MAC yongopanga yoyamba ndi 00:00:5e:00:01, imene imasamuka kuchoka pa rauta ina kupita pa inzake popanda makompyuta a m'ofesi kuzindikira.

Macvlan, njira yachidule ya Linux

Macvlan inalowa mu Linux 2.6.23 mu 2007, ndipo anailemba ndi Patrick McHardy. Imatenga interface yeniyeni, imene amaitcha kholo, n'kupachikapo ma interface ana, aliyense ndi MAC yake. Phukusi likafika pa khadi, Linux imayang'ana adiresi ya kumene likupita n'kulipereka kwa mwana woyenera. Malamulo ake ndi awa, olembedwa ndi mphamvu za root, akaunti ya woyang'anira wamkulu mu Linux:

ip link add link enp3s0 name mv1 address 02:00:00:00:10:01 type macvlan mode bridge

ip link set mv1 up

dhclient mv1

Loyamba likupanga mv1 pamwamba pa enp3s0, lachiwiri likuiyatsa, lachitatu likupempha IP ku DHCP pa makompyuta amene ali ndi pulogalamu ya dhclient. Mukabwereza ndi dzina lina ndi adiresi ina, mwapanga yachiwiri. Mukapanda kulemba adiresi, kompyuta imasankha yokha ya mtundu wodzipangira uja. Zopangidwa chonchi sizikhalitsa: magetsi akangophethira kompyuta n'kuyambiranso, zonse zapita. Zoti zikhalitse zimalembedwa m'mafayilo a systemd-networkd kapena mu NetworkManager, ndipo ndi bwino kulembamo adiresi yokhazikika kuti DHCP isamaone mlendo watsopano tsiku lililonse.

Mawu akuti mode bridge akutanthauza kuti ana a kholo limodzi azilankhulana mwachindunji mkati mwa kompyuta. Mu mode private salankhulana n'komwe. Mu vepa zonse zimayamba zatuluka kupita ku switch ya kunja, ndipo zimabwerera pokhapokha switch ikadziwa kubweza phukusi pa doko limene lalowera, chinthu chimene ma switch otsika mtengo sachita. Passthru imapereka khadi lonse kwa mwana mmodzi. Pa ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, bridge ndi imene imafunika.

Khadi lenilenilo nalo lili ndi mbali yake. Mwachibadwa limataya phukusi lililonse losalembedwa adiresi yake. Makhadi ambiri ali ndi kaundula wamng'ono wa maadiresi owonjezera amene angalandire, ndipo kukula kwake kumasiyana khadi ndi khadi. Kaundulayo akadzadza, kapena ngati palibe, Linux imaika khadi mu promiscuous mode, kutanthauza kuti lizilandira zonse ndipo kusankha kuchitike mu pulogalamu. Zimagwirabe ntchito, kungoti purosesa imalemedwa pang'ono.

Tsopano misampha iwiri imene imadyera anthu nthawi. Woyamba: kholo ndi ana ake salankhulana. Container ya pa macvlan imatha kufika pa rauta, pa pulinta, pa kompyuta iliyonse m'ofesi, koma osati pa kompyuta imene ikuisunga. Si kuti china chawonongeka, anaipanga choncho. Phukusi lochokera kwa kholo limatuluka pa chingwe, ndipo switch siibweza kumene lachokera. Njira yozungulira ndi yopangira kompyutayo macvlan yakeyake mu mode bridge, n'kumalankhula ndi anawo kudzera pamenepo.

Wachiwiri ndi wobisika kwambiri. Linux imaona maadiresi a IP ngati a kompyuta yonse, osati a interface imodzi. Ndiye mukaika ma macvlan atatu pa netiweki imodzi, funso la ARP likabwera, onse atha kuyankha, aliyense ndi MAC yake, ndipo rauta imasunga yankho limene yalandira. Mapeto ake IP ya mv1 imalembedwa ndi MAC ya mv3, ntchito yonse yosiyanitsa ija n'kupita pachabe. Amazikonza poika arp_ignore pa 1 ndi arp_announce pa 2, koma kwa ine njira yoyera ndi yoika interface iliyonse mu network namespace yake. Namespace ndi chipinda cha netiweki chodziimira pachokha mkati mwa Linux, chokhala ndi ma IP, njira ndi kaundula wa ARP wakewake. Ndi zomwezo zimene ma container amagwiritsa ntchito. M'mpanda muja, kumeneko ndi kupatsa banja lililonse nyumba yake m'malo mowaunjika pabalaza limodzi pomwe aliyense amavomera dzina la mnzake.

Njira zina, mwachidule

Bridge ndi switch ya pulogalamu mkati mwa kompyuta. Khadi lenileni limakhala doko limodzi, ndipo ma virtual machine amalumikizidwa kudzera pa ma interface a tap, ma container pa veth, imene ili ngati chingwe cha nsonga ziwiri. Imafuna ntchito yambiri poikonza kuposa macvlan, koma ilibe vuto la kholo ndi ana lija. Macvtap, ya mu 2010, ndi macvlan yokonzedwera ma virtual machine a KVM. Pa maseva akuluakulu pali SR-IOV, pomwe khadi lenilenilo limadzigawa kukhala timakhadi tambiri. Pa Windows njira yodziwika ndi switch ya Hyper-V, pamene mutha kuwonjezera ma adapter angapo, aliyense ndi MAC yake.

VLAN anthu amaisokoneza ndi macvlan chifukwa cha dzina, koma ndi nkhani ina. Muyezo wa 802.1Q wa mu 1998 umamata nambala pa phukusi, kuyambira 1 mpaka 4094, pogawa switch imodzi kukhala manetiweki osiyana. Ma interface a VLAN mu Linux amatengera MAC ya kholo pokhapokha mutaisintha.

Ipvlan, imene inalowa mu Linux 3.19 mu 2015, ndi macvlan yotembenuza: ana onse amagwiritsa MAC imodzi ya kholo ndipo amasiyanitsidwa ndi IP. Inapangidwira malo amene netiweki salola ma MAC ambiri, ndipo malo oterewa alipo ochuluka.

Pamene netiweki imakana

Wi-Fi ndi poyambira. Muyezo wake, 802.11, unatuluka mu 1997, ndipo umasiyana ndi chingwe pa chinthu chachikulu: chipangizo chisanatumize kanthu chiyenera kudzilembetsa kaye ku access point, kachipangizo koulutsa Wi-Fi, ndipo chimalembetsa ndi MAC imodzi. Makiyi obisira data nawo amapangidwa potengera adiresi imeneyo. Apa pa geti paima mlonda ndi buku lake, ndipo wosalembedwa salowa. Phukusi la Wi-Fi lochokera kwa kasitomala lili ndi malo a maadiresi atatu okha, ndipo palibe malo olembapo kuti wotumiza pa wailesi ndi uyu koma mwini uthenga ndi wina. Macvlan pamwamba pa wlan0 imapangika bwinobwino popanda chodandaula, koma DHCP siyankha, munthu n'kumangodikira. Pali njira ya maadiresi anayi, imene ena amati WDS, koma imafuna kuti mbali zonse ziwiri ziidziwe ndi kuilola. VirtualBox imazemba vutoli posintha maadiresi a ma virtual machine kuti atuluke ndi MAC ya laputopu. Makhadi ena a Wi-Fi amatha kudzilembetsa kangapo, kalikonse ndi MAC yake, ndipo lamulo la iw list limaonetsa ngati khadi lanu lili m'gulu limenelo. Poti maofesi ambiri ang'onoang'ono ndi nyumba zambiri mu Lilongwe zimadalira Wi-Fi ya ka MiFi kapena rauta ya SIM, vuto ili ndi limene ophunzira amakumana nalo koyamba. Chingwe chachifupi cholumikiza kompyuta ku rauta, ngati rautayo ili ndi doko, chimathetsa nkhani.

Pa chingwe pomwepo, switch ya ku ofesi itha kuuzidwa kuti isakhulupirire aliyense. Pa ma switch a Cisco, port security ikayatsidwa popanda kusintha kalikonse, doko limalola MAC imodzi, ndipo yachiwiri ikaonekera limazimiratu mpaka woyang'anira alitsegule. Mabanki ndi mabungwe akuluakulu ambiri amagwiritsanso ntchito 802.1X, muyezo wa mu 2001 umene umafuna chipangizo chidzitsimikize ndi dzina ndi pasiwedi kapena satifiketi. Makampani obwereketsa maseva pa intaneti kawirikawiri amataya mapukusi a MAC imene sanapereke okha. Ndipo mukapanga macvlan mkati mwa virtual machine ya pa VMware ESXi, switch yake imatha kukana mpaka mutalola promiscuous mode ndi forged transmits, kutumiza mapukusi ndi MAC imene si ya makinawo.

Kodi adiresi iyenera kukhala yapayokha mpaka pati?

Pa netiweki ya pamalopo basi. Kompyuta ya ku Area 47 ndi ina ya ku Mzuzu zitha kukhala ndi MAC yofanana kwa zaka popanda vuto. Koma ziwiri zikakumana pa switch imodzi, switch imangosinthasintha doko, mapukusi amapita uku ndi uku, intaneti n'kumabwera ndi kupita ngati chingwe chathothoka. Vuto lotere ndi lovuta kulipeza chifukwa chilichonse chimaoneka ngati chili bwino.

Maadiresi odzipangira alipo 70,368,744,177,664, moti kompyuta ikasankha mwachisawawa, mwayi wogundana ndi wochepa zedi. Ogundanitsa ndi anthu. Wina amakopera virtual machine yonse pa flash n'kuiyatsa pa kompyuta ina osasintha MAC. Kalasi yonse imakopera chitsanzo chimodzi cha mphunzitsi. QEMU ikapanda kuuzidwa imapereka 52:54:00:12:34:56 kwa makina alionse, ndiye awiri akayatsidwa pa bridge imodzi agundana kale. Adiresi ya m'chitsanzo cha pamwambapa nayonso musaikopere nonse.

Mafoni anayamba kale

Zimene kale zinali za amisiri okha, lero foni iliyonse yatsopano ikuchita yokha. Foni ikamafufuza Wi-Fi imaulutsa MAC yake, ndipo masitolo ndi mabwalo a ndege m'mayiko ena anayamba kutsata mayendedwe a anthu ndi njira imeneyi. Apple inayamba kubisa adiresi yeniyeni pofufuza Wi-Fi mu iOS 8 mu 2014. Android 10 ya mu 2019 ndi iOS 14 ya mu 2020 zinafika poti netiweki iliyonse foni iziionetsa MAC yosiyana, ya mtundu wodzipangira uja.

Apa pali mbali ziwiri, ndipo zonse zili ndi mfundo. Mwini foni akuti palibe chifukwa choti shopu iliyonse imene wadutsa idziwe kuti ndi iye uja wa dzulo. Wogulitsa mavocha akuti vocha yake imamangidwa pa MAC, ndiye adiresi ikasintha kasitomala wolipira amatsekeredwa kunja, pamene wochenjera amene wakopera MAC ya mnzake amalowa ulere. Woyang'anira netiweki ya sukulu akuti sangadziwenso chipangizo chimene chikumaliza bandulo. Akatswiri a chitetezo nawo akhala akunena kuti MAC siinapangidwe kuti ikhale loko.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la chimene chingalowe m'malo mwa MAC pozindikira chipangizo. 802.1X ndi masatifiketi zimagwira ntchito, koma zimafuna seva, luso ndi ndalama. Kodi hostel ya ophunzira kapena ka hotspot ka pamsika kangakwanitse? Bungwe la IETF, lolemba miyezo ya intaneti, linachita kukhazikitsa gulu lotchedwa MADINAS loti liunike mavuto obwera ndi ma MAC osinthasintha, umboni wakuti ngakhale olemba miyezo akuona kuti nkhaniyi ndi yaikulu.

Lachiwiri ndi la dongosolo m'maadiresi odzipangira. Mafoni, ma container ndi ma virtual machine onse akutola m'nkhokwe imodzi popanda wogawa. Mu 2017 IEEE inatulutsa 802c, yogawa nkhokweyo m'zigawo zinayi, koma kutsatira n'kosakakamiza. Kodi opanga mapulogalamu adzagwirizana, kapena tidzangodalira kuti manambala ndi ambiri?

Lachitatu ndi la malamulo. Malawi ili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, imene imaletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo, komanso Data Protection Act ya 2024, imene MACRA inapatsidwa udindo woyang'anira. Kupanga ma interface 10 pa kompyuta yanu ndi netiweki yanu palibe amene angakutsutseni. Nanga amene wapanga 10 pa hotspot ya ulere kuti alandire mphindi zaulere ka 10, walowa popanda chilolezo kapena wangogwiritsa ntchito mpata umene mwini anasiya? Nanga wantchito amene wayatsa virtual machine pa laputopu ya ku ofesi, doko n'kuzima, waphwanya lamulo la kampani kapena lamulolo ndi limene latsalira m'mbuyo? Ndipo mwini hotspot amene amasunga mndandanda wa ma MAC a makasitomala pamodzi ndi manambala a foni amene analipirira vocha, akusunga manambala a zipangizo kapena mbiri ya anthu, ndipo aloledwe kuusunga kwa nthawi yaitali bwanji?